Dzanja likanjenjemera, foni imaulula: mayankho a pa wailesi pa za kuwombera chandamale

Makalata ofika ku pulogalamu ya zamasewera pa wailesi ya kuno ku Katete amakhala a mpira nthawi zambiri. Sabata ino zinasintha. Mu situdiyo munali mlendo, mphunzitsi wa masewera owombera chandamale ndi pisitolo, ndipo mafunso onse anali okhudza tizipangizo tamagetsi timene amamangirira ku mfuti kuti tiziyeza kugwedezeka kwa dzanja.

Kalata yoyamba inali ya mnyamata wa kwa Kawaza. Iye anaonera pa foni kanema wa Yusuf Dikeç wa ku Turkey, bambo amene anali ndi zaka 51 pomwe anapata mendulo ya siliva pamodzi ndi Şevval İlayda Tarhan pa mpikisano wa Olympics ku Paris mu 2024, atapisa dzanja limodzi m'thumba ngati munthu wodikira minibasi. Ngati bamboyo anapambana wopanda zida zachilendo kumaso, anafunsa mnyamatayo, ndiye kachipangizo n'kantchito yanji?

Mphunzitsiyo anaseka kaye. Anati dzanja m'thumba si matama: lamulo la bungwe la ISSF, loyendetsa masewerawa padziko lonse, limafuna kuti pisitolo igwiridwe ndi dzanja limodzi, choncho linalo ambiri amalipisa m'thumba kapena kulikoleka pa lamba kuti lisavute. Ndipo tizipangizoti n'tophunzirira, osati tolowa nato mu mpikisano. "Achimwene, zimene munaona pa kanemayo ndi mphindi imodzi yokha," anatero. "Zaka zoyeserera zimene zinabala mphindi imeneyo sanazijambule."

Apa anatchula manambala amene anadabwitsa ngakhale muulutsi. Pa mpikisano wa pisitolo ya mpweya, umene unalowa mu Olympics mu 1988, wowombera amaima mamita 10 kuchokera pa chandamale. Kachipolopolo n'kamamilimita 4.5, ndipo kabwalo kapakati kopatsa mapointi 10 n'kamamilimita 11.5 basi. Amawomba ka 60 m'mphindi 75. Thiriga, kachitsulo kokoka ndi chala kaja, siloledwa kupepuka kuposa magalamu 500.

Funso lachiwiri, lochokera kwa mphunzitsi wa sayansi pa sukulu ina ku Sinda, ndi limene linadya nthawi yambiri, ndipo linayenera kutero. Bambowo anafuna kudziwa chimene kachipangizoka kamayeza kwenikweni.

Yankho linali lakuti pali mitundu iwiri, ndipo anthu amaisokoneza. Mtundu woyamba, monga MantisX ya ku America, uli ndi tizitsulo tomva kugwedezeka ndi kupendekeka, tofanana ndi timene timatembenuza chithunzi cha pa foni munthu akaigoneka chammbali. Kamamangidwa kunsi kwa mpope wa mfuti, n'kumatumiza uthenga ku foni kudzera pa Bluetooth. Ukakoka thiriga, foni imakupatsa malikisi osapitirira 100 ndi kukuuza mbali imene mfuti inathawira. Koma kameneka sikaona chandamale. Ungaloze pakhoma lopanda kanthu n'kupata 95, chifukwa kakuyeza kudekha kwa dzanja, osati kulunjika. Mtundu wachiwiri, monga SCATT ya ku Russia ndi Noptel ya ku Finland, uli ndi diso loyang'ana chandamale chenichenicho. Pa kompyuta pamajambulika mzere wokhotakhota wosonyeza paliponse pamene mpope unaloza, ndipo mzerewo umasintha mtundu mu sekondi yomaliza mfuti isanalire, n'kusinthanso ikalira.

Phindu lonse lili m'kamphindi komalizako, anatero mlendoyo. Palibe munthu wamoyo amene dzanja lake limaima njii. Mtima ukugunda, mpweya ukulowa ndi kutuluka, minofu ya paphewa ikutopa. Ngakhale akatswiri mzere wawo umayendayenda. Chimene chimawononga si kunjenjemera kumeneku, koma kukhotetsa mfuti pokoka thiriga. Dzanja lonse likasuntha milimita imodzi mfuti ili chilunjikire, chipolopolo chimasunthanso milimita imodzi yokha. Koma nsonga ya mpope ikapatuka milimita imodzi yomweyo kumbuyo kuli pomwepo, pa mamita 10 chipolopolo chimagwera pafupifupi masentimita atatu kumbali. Amene akanapata 10 amapata 7. Wophunzira akaona kuti chandamale chafika pakati, amafuna kuchigwira chisanathawe, ndiye amatswanya thiriga mwamphamvu; mfuti imagwa chakumunsi kumanzere ngati ali wamanja. Iyeyo amalumbira kuti analoza bwino. Mzere wa pa kompyuta umamutsutsa, chifukwa umaonetsa kuthawa kwa mpope chipolopolo chisanatuluke, chinthu chimene diso silingachigwire popeza phokoso ndi kukankha kwa mfuti zimachibisa.

Mayi wina wa ku Vubwi, amene mwamuna wake ndi mlonda wa kampani, analemba mwachidule: kodi akagula kachipangizoka, bambo a kunyumba adzakhala katswiri? Mlendoyo anayankha mwaulemu koma mosabisa. "Ayi, amayi. Sikelo ya kuchipatala imakuuzani kuti mwana watsika thupi, koma simuphikira phala." Anati ambiri amagwa mumsampha wothamangitsa malikisi a pa foni, mpaka amayang'ana foni asanatsirize n'komwe kuwomba, n'kutsitsa dzanja msanga. Langizo lake linali lakuti foni aitembenuze chafufumimba, awombe kakhumi, pa kuwomba kulikonse azinena yekha kumene akuganiza kuti kwapita, kenako ndiye ayang'ane. Tsiku limene zonena zake zidzagwirizane ndi za foni, ndiye kuti wayamba kumva mfuti yake. Pamenepa ndi pamene mlendoyo anayankhula za nzeru kuposa pena paliponse, ngakhale ogulitsa zipangizozi sangakondwe nazo.

Za ndalama anadutsapo mofulumira. Anati pa nthawiyo Mantis yotsika inkayambira pa madola pafupifupi 100, pamene SCATT ina inkapitirira madola 1,000, osawerengera msonkho wa boma ndi mtengo wotumizira. Chimene munthu amapulumutsa ndi zipolopolo, chifukwa kachipangizoka kamagwira ntchito ngakhale mfuti ilibe kanthu m'kati, ndipo woyeserera angakoke thiriga kambirimbiri madzulo amodzi osawononga ngwee. Kwa womvera wa pa Katete Stores amene anadandaula za kuzimazima kwa magetsi, anati kali ndi batire lotchaja pa chingwe cha USB, ngakhale pa sola, ndipo Bluetooth sidya mabandulo. Anachenjeza chinthu chimodzi: mfuti za mpweya za sipuling'i zimawonongeka zikawombedwa zopanda kachipolopolo, ndipo zina za .22 nazonso zimafuna kachipolopolo kabodza koteteza msomali wake. Munthu awerenge kaye buku la mfuti yake.

Ndiye panabwera kalata imene muulutsi anaiwerenga akumwetulira. Gogo wina wa kwa Mbang'ombe anafunsa ngati angamangirire kachipangizoka ku gogodera wake wothamangitsira anyani m'munda. Mlendoyo anati, "Agogo, pepani, chimenechi sichikuthandizani pa anyani," ndipo anawonjezera kuti luso limene akufotokozali adzukulu awo amalidziwa kale pa legeni: wolasa bwino amamasula mphira mosadzidzimutsa dzanja, ndipo satsitsa mkono mwala usanafike.

Kalata yomweyo inamupatsa mpata wonena za lamulo, ndipo mawu ake analimba. M'Zambia mfuti zimayendetsedwa ndi lamulo la Firearms Act, Chaputala 110, ndipo kusunga mfuti popanda laisensi ndi mlandu wopita nawo kundende. Kugula kachipangizo ka magetsi sikupatsa munthu ufulu wokhala ndi pisitolo, kapena wobwereka ya mnzake. Katete ili pa njira ya ku Chanida, pa malire ndi Mozambique, ndipo Vubwi yagundana ndi Malawi komanso Mozambique, choncho anapempha omvera kuti asayerekeze kugula mfuti yodutsa m'njira zachidule ngakhale itatchipa chotani. Ngakhale wofuna ya mpweya yokha, ayambe wafunsa ku polisi.

Mphindi zotsala anazipereka ku chitetezo, chifukwa kuyeserera m'nyumba ndi kumene kumabweretsa ngozi zopusa. Chotsani magazini, yang'anani m'kati mwa mfuti ndi diso, pisanimo ndi chala. Zipolopolo zonse zikhale m'chipinda china, zokhomeredwa. Lozani kukhoma la njerwa limene kuseri kwake kulibe munthu, osati kuchitseko kapena pawindo. Wina akagogoda kapena foni ikalira n'kukudodometsani, yambaninso kuyang'ana mfutiyo kuchokera pachiyambi. Ndipo mukatsiriza, nenani mokweza kuti mwatsiriza, muikhomere nthawi yomweyo. Osati kuikanso zipolopolo kenako n'kuganiza zoyesa kamodzi komaliza.

Makalata atatu anatsala osawerengedwa nthawi itatha. Muulutsi analonjeza kuti ayamba ndi amenewo sabata yamawa, ndipo anapempha olemba kuti azitchula dera lawo lokha, asamalembe nambala ya mfuti kapena malo amene amaisunga.