Ndili ndi pakati, kwathu n'kutali: ndidalire ndani?

Funso: Ndili ndi pakati pa miyezi 3, mimba yoyamba. Ndinakwatiwa kutali ndi kwathu, bambo akunyumba ali ku Joni, chipatala nachonso chili patali. Andithandiza ndani? — Mayi wa ku Mchinji

Yankho: Mayi, musadikire kuti mimba ionekere. Yambani sikelo sabata ino. Kumeneko akakuyezani magazi, akakupatsani neti, mapiritsi owonjezera magazi ndiponso Fansidar nthawi yake ikakwana. Masiku ano amalangiza kuonana ndi anamwino maulendo 8.

Kenako funsani kwa amfumu kuti mlangizi wa zaumoyo wa dera lanu ndi ndani. Ameneyu ndiye ndimamudalira kwambiri: amayendera amayi oyembekezera pakhomo, ndipo mukachira adzabwera kudzaona mchombo wa mwana ndi mmene akuyamwira. Mufunseninso nambala ya Chipatala cha pa Foni.

Mwezi wa 9 ukayamba, pitani kuchidikiro, nkhuni, ufa ndi zitenje zili m'manja, pamodzi ndi wokudikirirani. Apongozi kapena amayi a kumpingo apempheni panopa kuti adzakudikirireni.

Koma mukaona magazi, mutu ukamawawa kwambiri kapena nkhope ikatupa, thamangirani kuchipatala ngakhale pakati pa usiku.