PHUNZIRO LA MWEZI UNO: KASAMALIDWE KA MAZIRA OTSALA

Kuwerenga: Yohane 6:1-13

Yesu atadyetsa khamu la anthu anauza ophunzira ake kuti atolere zotsala, ndipo zinadzaza mitanga 12. Ifenso tinaleredwa kuti chakudya sichitayidwa. Koma kusunga kumafuna nzeru, makamaka pa mazira ophika amene amatsala tikalandira alendo, pa ubatizo kapena pa misonkhano yathu.

Chifukwa chiyani tisamale?

Dzira laliwisi lili ndi kachiphimba kosaoneka pamwamba pa chigoba chake kamene kamatchinga majeremusi. Tikaliwiritsa kachiphimbaka kamachoka, choncho dzira lowiritsa limaonongeka msanga kuposa laliwisi. Majeremusi amaswana mofulumira m'chakudya chofunda, ndipo dzira likhoza kudwalitsa ngakhale lisananunkhe. Amene amavutika kwambiri ndi ana aang'ono, amayi oyembekezera, okalamba ndi odwala amene timawayendera.

Kasungidwe

1. Mazira ophika asakhale pamtunda kupitirira maola 2. Kukatentha kwambiri ngati mwezi wa Okutobala, lisapitirire ola limodzi.
2. Ngati tili ndi firiji, tiike mazira m'mbale yoyera yovundikira. Owiritsa amakhala mpaka masiku 7, makamaka tikawasiya osasenda. Okazinga kapena ophika ndi matimati asapitirire masiku 3 kapena 4.
3. Magetsi akazima, firiji yosatsegulidwa imasunga kuzizira kwa maola pafupifupi 4. Akakhalitsa osayaka, mazira ophikawo titaye.
4. Ambiri a ife tilibe firiji. Tiphike okwanira kudya nthawi imodzi. Akatsala, tiitane ana kapena tigawireko anzathu oyandikana nawo nthawi yomweyo. Dzira si mkute woti ugone m'poto kudikira mmawa.

Katenthetsedwe

Tisambe m'manja ndi sopo tisanagwire chakudya. Ndiwo ya mazira yochokera m'firiji tiithire timadzi pang'ono, tivundikire, titenthetse pa moto wochepa uku tikutakasa kufikira itawira ndi kutuluka nthunzi paliponse, osati kungofunditsa. Titenthetse zokhazo zimene tidye, ndipo kamodzi kokha. Dzira lowiritsa likhoza kudyedwa lozizira, kapena tilidule ndi kuliika mu supu wowira. Amene ali ndi microwave asaikemo dzira lathunthu chifukwa limaphulika ndi kuwotcha munthu.

Tidziwenso kuti moto sukonza chakudya chimene chaonongeka kale. Majeremusi ena amasiya poizoni amene satha ngakhale tiwiritse. Tikakayika, titaye. Dzira limodzi ndi lotchipa kuposa ulendo wa ku chipatala.

Wina akadwala

Zizindikiro zake ndi kupotokola m'mimba, kusanza, kutsekula m'mimba ndi kutentha thupi. Timumwetse madzi a ORS pafupipafupi. Ngati ndi mwana, mayi woyembekezera kapena nkhalamba, ngati chimbudzi chili ndi magazi, kapena wodwalayo akulephera kumwa, tithamangire naye ku chipatala.

Mafunso okambirana m'magulu

1. Kodi timatani ndi chakudya chotsala pa zikondwerero za parishi yathu?
2. Chakudya chimene timapititsira odwala chimatenga nthawi yaitali bwanji panjira?
3. Ndani m'mudzi mwathu amene tingamugawire zotsala zikadali zotentha?

Pemphero

Atate, tikuyamikani chifukwa cha chakudya chimene mumatipatsa. Tipatseni nzeru kuti tisaononge mphatso zanu, ndiponso kuti manja athu asadzetse matenda m'mabanja mwathu. Mwa Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.