Chining'a cha Chingerezi: "with flying colours"

Zotsatira za mayeso a MSCE zikangotuluka, pa WhatsApp pamadzaza mauthenga akuti "She passed with flying colours". Ambiri timalemba mawuwa, koma wina atatifunsa kuti mitundu yake ndi iti ndipo ikuulukira kuti, tingasowe chonena. Ife amene tikuphunzira zauphunzitsi, funso limeneli likutidikira m'kalasi.

Poyamba tidziwe kuti chimenechi ndi chining'a, ndipo chining'a sichimasuliridwa liwu ndi liwu. Mnzako akakutsina khutu, sumva kuwawa, wangokuuza chinsinsi. Chimodzimodzinso pano, "colours" si mitundu ngati kufiira kapena kubiriwira, koma mbendera.

M'zaka za m'ma 1600 ndi 1700, sitima zankhondo za ku Ulaya zinkayenda panyanja zitakweza mbendera. Sitima ikagonja inkatsitsa mbendera yake, zomwe pa Chingerezi amati "to strike the colours". Koma yopambana inkabwerera kudoko mbendera zili petupetu m'mwamba, moti anthu a kumtunda ankadziwa nkhani yabwino isanakocheze n'komwe. Choncho chining'achi chimatanthauza kupambana koonekeratu, kosafuna kufotokozera.

Pochigwiritsa ntchito tikumbukire zinthu zitatu. Choyamba, chimayenda ndi aneni monga "pass" ndi "come through", pokamba za mayeso kapena chiyeso china chovuta. Mwachitsanzo, "He came through the interview with flying colours." Chachiwiri, mawu ake sasinthidwa. Sitinena "flying colour" kapena "with the flying colours". Kusiyana kuli pa kalembedwe kokha: ku Britain ndi kuno kwathu timalemba "colours", pomwe ku America amalemba "colors".

Chachitatu, chomwe ndi chachikulu, chining'achi si cha aliyense amene wakhoza. Pa MSCE, giredi 1 ndi giredi 8 onse ndi okhoza, koma mbendera zimaulukira wa giredi 1 kapena 2. Amene wapulumukira m'kamwa mwa mbuzi, Chingerezi chili ndi mawu ake: "He scraped through."

Kusiyanitsa kumeneku n'kofunika kwa mphunzitsi. Tikamalemba "with flying colours" pa lipoti la mwana amene wangodutsira pang'ono, tamunamiza iyeyo ndi makolo ake omwe, ndipo sadzaona chifukwa cholimbikira.

Yeserani: lembani ziganizo ziwiri, china cha "with flying colours", china cha "scraped through", kenako mufotokozere mnzanu kusiyana kwake m'Chichewa.