Njinga yamoto yakana kulira? Musathamangire kugula zitsulo

Anzanga amene mumadalira njinga yamoto pa geni yanu, kaya mumaperekera zakudya m'makomo kaya mumapikulira katundu, nkhaniyi ndi yanu. Ambiri a ife kuno ku South Africa timayendera njinga zogula kwa ena, monga Bajaj Boxer, Big Boy kapena Honda Ace, zoti zinatopa kale. Tsiku limene yakana kulira, ndalama ya tsikulo yapita, pomwe lendi sidikira ndipo kumudzi akuyang'ana kwa ife. Mtima ukakhala m'mwamba choncho, munthu amathamangira kukagula CDI kapena kabureta yatsopano. Koma pa njinga zimene ine ndazigwirapo, zambiri vuto lake linali losafuna kugula kanthu. Injini imafuna zinthu zinayi basi: petulo, moto wa pa pulagi, mpweya ndi compression. Ntchito yanu ndi kupeza chimene chasowa, kuyambira pa zaulere.

Poyamba onani zooneka ngati zachibwana. Switchi yofiira ya kudzanja lamanja ija ili pa RUN? Ana amakonda kuiseweretsa njinga ikaima pabwalo. Giya ili pa nyutulo? Njinga zina sizilira ngati sitandi ya m'mbali ili pansi kapena kilachi simunagwire.

Kenako mvetserani. Mukadina batani la sitata n'kungomva kuti "tiki tiki", kapena hutala ikulira mofooka, ganizirani batire. Mangitsani mitu yake, ndipo ngati yachita zoyera ngati ufa ipaleni. Pakakhala ziii, magetsi onse osayaka, onani fyuzi imene imakhala pafupi ndi batire. Amene muli ndi multimeter, batire yodzaza imaonetsa 12.6 V, ikatsika kufika 12.0 V ndiye kuti yatsala pang'ono kutheratu. Injini ikalira iyenera kuonetsa pakati pa 13.5 ndi 14.5 V, ikapanda kufika apo, njinga sikutchaja, ndipo batire yatsopano idzafanso. Ife operekera katundu timapha batire ndi tchaja ya foni ndi tracker zolumikiza mwachindunji, zimene zimadya moto usiku wonse. Ngati njinga ili ndi kiki, pondani. Ngati ilibe, ikani giya 2, gwirani kilachi, mnzanu akankhe, kenako siyani kilachi. Mukafuna kubwereka moto pa galimoto, injini ya galimotoyo ikhale yozimitsa.

Tsopano petulo, ndipo apa ndi pamene pamagona nkhani zambiri. Geji ya njinga yakale musaikhulupirire; tsegulani thanki, gwedezani, mumve nokha. Kampopi ka pansi pa thanki kali ndi ON, OFF ndi RES, ndiye kapotozereni pa RES muyesenso. Pansi pa kabureta pali kasikuluwu kotulutsira mafuta. Kamasuleni, tcherani kabotolo koonekera mkati. Pakapanda kutuluka kanthu, paipi kapena sefa ya mafuta yatsekeka. Pakatuluka madzi, muwaona atakhala pansi pa petulo, chifukwa madzi ndi olemera. Khetsani mpaka atuluke petulo yekhayekha.

Amene mumapita kumudzi mu December n'kudzabwera mu February, tamverani. Petulo akakhalitsa mu kabureta amauma n'kusiya zomata zimene zimatseka kajeti kakang'ono kamene injini imalirira poyamba. Mankhwala ake ndi kumasula, kutsuka ndi carb cleaner, n'kupemerera. Musatokose ndi singano, mukulitsa bowo ndipo njinga iyamba kumwa mafuta. Ine ndisananyamuke ndimatseka kampopi, n'kuisiya injini ilire mpaka izime yokha, kenako ndimachotsa waya wa negative pa batire.

Mu June ndi July, pamene ku Johannesburg kumacha ndi chisanu choyera pa udzu, injini yozizira imafuna choki. Kokani choki, throttle musaikhudze, lizani. Koma mukamva fungo la petulo mutaponda kambirimbiri, ndiye kuti yakhuta mafuta. Bwezani choki, potozani throttle mpaka kumapeto, pondani kangapo, ipuma.

Zikakanika, tulutsani pulagi. Imeneyi sinama. Yofiirira ngati tiyi wamkaka ili bwino. Yakuda ndi mwaye, mafuta akuchuluka kapena sefa ya mpweya yadzaza fumbi. Yonyowa ndi petulo, mafuta akufika koma sakupsa. Youma gwa mutaponda maulendo khumi, mafuta sakufika, bwererani ku kabureta. Poyesa moto, ibwezereni mu chipewa chake, igonekeni kuti chitsulo chake chikhudze injini, kutali ndi bowo limene mwaichotsa ndi petulo wotayika, n'kuponda kiki. Musaigwire ndi dzanja, imaluma! Moto wabwino ndi wabuluu wothetheka. Ukasowa, yesani pulagi ina, kenako chipewa ndi mawaya, makamaka ngati mvula inainyowetsa. Koyilo ndi CDI zibwere kumapeto, ndipo bwerekani kaye ya mnzanu wa njinga yofanana muyesere, poti mashopu ambiri salandiranso zamagetsi zikatuluka pakhomo.

Chotsala ndi compression. Kiki ikamangotsika pepuu ngati mukuponda mpweya, kapena mukatseka bowo la pulagi ndi chala osachikankha mwamphamvu, pali pamene mpweya ukuthawira. Nthawi zambiri pa njinga zakalezi amakhala mavalavu othina, ndipo makaniko amawasetera m'kanthawi kochepa, injini ili yozizira. Akakuuzani zoti aphwasule injini yonse asinthe pisitoni ndi maring'i, afunseni kaye kuti, "Achimwene, mavalavu mwayeza?" Ndipo chitsulo chilichonse chimene asinthe, muwauziretu kuti chakalecho akupatseni m'manja.