Kope la wodwala sitiroko

Phunziro lathu mwezi uno likukhudza malangizo olembedwa amene wodwala sitiroko ayenera kupita nawo kunyumba akamatuluka m'chipatala.

Sitiroko imachitika mtsempha wa magazi mu ubongo ukatsekeka kapena kuphulika. Munthu amafa ziwalo mbali imodzi, pakamwa pamapindika, mwinanso kulankhula kumavuta. Bungwe la World Stroke Organization likuti mwa anthu 4 alionse opitirira zaka 25, mmodzi adzadwala matendawa pa moyo wake.

Tsiku lotuluka, anamwino amalongosola zambiri, koma wodwazika amakhala atatopa, mtima uli pa ulendo. Pofika kumudzi zambiri zaiwalika. Komanso odwazika amasinthana: amene anagonera kuchipatala si amene adzaphike phala sabata yamawa. Zolemba za adokotala m'buku la kuchipatala zimakhala m'Chingerezi, ndipo ambirife sitizimva. Choncho, kaya ndi ku St Luke's ku Malosa, ku St Anne's ku Nkhotakota kapena kwina, tipite ndi kope lathu, tifunse mosachita manyazi, tilembe m'Chichewa.

Tiyambe ndi mankhwala: dzina lake, nthawi yomwera, ndi tsiku lobwerera kuchipatala. Tilembe ndi zilembo zikuluzikulu kuti mankhwala a BP sasiyidwa chifukwa munthu akupeza bwino. Ambiri sitiroko imawabwerera pa chifukwa chimenechi. Aspirin asamwe pokhapokha adokotala atalamula, poti sitiroko ina ndi yotaya magazi mu ubongo. Wodwala amene sangathe kudzitembenuza timutembenuze maola awiri alionse kuti asachite zilonda. Podya akhale tsonga, timupatse pang'onopang'ono, ndipo akamatsamwa kapena kukhosomola pomeza tiwauze achipatala, chifukwa chakudya chikalowa m'mapapo chimayambitsa chibayo. Pomudzutsa tisakoke mkono wofookawo, phewa limavulala. Mafizo amene tawonetsedwa tiwajambule, ngakhale chithunzicho chioneke ngati cha mwana wa Sitandade 1.

Koma kope loikidwa pansi pa mphasa silithandiza munthu. Liyenera kuwerengedwa mobwerezabwereza, banja lonse lili pomwepo, ndipo mafunso amene abuka alembedwe kuti akafunsidwe kuchipatala kapena kwa alangizi a zaumoyo. Wodwalayo tisamusiye kunja kwa nkhani. Ambiri amene akulephera kulankhula amamva ndithu zimene tikunena, ndipo zimawapweteka tikamawakamba ngati palibepo. Ngati kuwerenga kukuwavuta, tiwawerengere mawu ochepa nthawi imodzi, tikuloza zithunzi, ndi kudikira kuti avomere ndi mutu kapena dzanja.

Patsamba loyamba pakhale zizindikiro zothamangira kuchipatala nthawi yomweyo: kupindika pakamwa, kufooka mkono kapena mwendo mwadzidzidzi, ndi kulankhula kosamveka. Pansi pake tilembe nambala ya munthu wagalimoto amene angabwere ngakhale usiku.

Pa msonkhano wotsatira, gulu lililonse libwere ndi kope limodzi lolembedwa kale, ndipo tisankhe amayi awiri okawerenga nalo kunyumba kumene kuli wodwala.