Kuluka Chipewa cha Monmouth ndi Ulusi Wonyika M'makoko a Anyezi

M'chaka cha 1571, nyumba ya malamulo ya ku England idalamula kuti amuna opitirira zaka 6, kupatula olemekezeka, azivala chipewa chaubweya cholukidwa m'dzikomo Lamulungu lililonse, pofuna kuteteza ntchito ya oluka. Chipewa chomwe chidamveka kwambiri nthawi imeneyo chinali cha ku Monmouth, tauni ya ku Wales, chokondedwa ndi asilikali ndi amalinyero. Chimodzi cha m'zaka za m'ma 1500 chidakalipo mpaka lero: chabulauni, cha mkombero wopinda pawiri, kabatani pamwamba ndi kachingwe kokolekera.

Wofuna kuchiluka ayenera kupeza ulusi wa ubweya weniweni wa nkhosa. Ulusi wa acrylic, womwe ndi wosavuta kupeza m'misika, sumwa utoto wa zomera ndipo sugwirana ngakhale autikite tsiku lonse.

Choyamba, ulusi umachapidwa ndi sopo m'madzi ofunda, kenako umatenthetsedwa kwa ola limodzi m'madzi osungunulamo alamu, magalamu 10 pa magalamu 100 a ulusi. Alamuyo ndiye amagwiritsa mtundu kuti usamasuluke. Azungu akale ankadalira mizu ya madder pofuna mtundu wofiira ndi masamba a woad pofuna wabuluu, koma makoko ouma a anyezi amatulutsa chikasu chokongola popanda kuwononga ndalama. Makoko olemera theka la ulusiwo amawiritsidwa ola limodzi, madzi n'kusefedwa, ulusi wonyowa n'kunyikidwamo. Mphika wake ukhale wapadera, osati wophikira ndiwo.

Apa m'pofunika dzanja lofatsa. Madzi asabwate, angofika madigiri 80, ndipo kutakasa kukhale kwa apo ndi apo. Ubweya uli ndi timamba tosaoneka ndi maso timene timakolana ukatenthedwa n'kugwedezedwa, ndiye wopupuluma amavuula chibuluma cholimba m'malo mwa ulusi. Ulusiwo uzizire mumphika momwemo, utsukidwe, uume pamthunzi.

Kuluka kumayambira kumkombero, mozungulira ndi singano zinayi, masitichi pafupifupi 60 ngati ulusi ndi wonenepa. Woluka amaluka masentimita 10, n'kupinda pakati, n'kulumikiza mbali ziwirizo, kenako amakwera molunjika ndi kuchepetsa masitichi mpaka otsala ochepawo atamangidwa kukhala kabatani. Chipewa chichoke pasingano chili chachikulu mowonjeza, chifukwa chidzabwerera pochichapa. Kuluka kachidutswa koyesera n'kukachapa kumaonetsa kuti chibwerera motani.

Tsopano zonse zomwe zinali zoletsedwa pamphika zija ndizo zikufunika. Chipewa chimamizidwa m'madzi otentha a sopo, kutikitidwa mwamphamvu, kuviikidwa m'madzi ozizira, n'kubwerera m'otentha, mpaka masitichi atasiya kuoneka. Woluka azichiyesa pamutu pafupipafupi, poti chikachepa kwambiri sichitambasukanso. Chikakwana, chimavekedwa pa mbale yozondoka yofanana ndi mutu kuti chiumire pomwepo.