Anagula Bodi Yodula Podikira Processor Imene Sinabwere

Pa 25 Novembala 2019 kampani ya AMD inatulutsa ma processor atatu tsiku limodzi. Yoyamba inali Ryzen 9 3950X, ya pa kompyuta wamba ya pa desiki. Inali ndi ma core 16, mtengo wake madola 749, ndipo inkalowa pa motherboard za soketi ya AM4 zimene anthu ambiri anali nazo kale m'nyumba. Ziwiri zinazo zinali za gulu la Threadripper, lopangidwira ntchito zolemera: 3960X ya ma core 24 pa madola 1,399, ndi 3970X ya ma core 32 pa madola 1,999. Izi zinkafuna soketi yatsopano yotchedwa sTRX4, pa bodi za TRX40, ndipo bodi yotsika mtengo mwa zimenezi inkayambira cha m'madola 400.

Okonza mavidiyo, ojambula mapulani a nyumba ndi olemba mapulogalamu anafika pa mphambano. Ambiri anaganiza motere: ndiyambe ndi ya ma core 24, koma bodi ndigule yabwino; pakatha zaka ziwiri ndidzangochotsa processor n'kuikapo ya m'badwo watsopano. Maganizowa sanawatole m'tchire ayi. Pofotokoza chifukwa chimene inasinthira soketi, AMD inanena kuti kusinthako kudzathandiza Threadripper kukula, posachedwa komanso m'tsogolo.

Mu Febuluwale 2020 kunabwera 3990X ya ma core 64, pa madola 3,990, ndipo imeneyo ndiyo inali yomaliza pa soketiyi. Mu Novembala chaka chomwecho ma processor a m'badwo wa Zen 3 anafika pa AM4, eni TRX40 ali chidikirire. Chaka cha 2021 chinadutsa kuli zii. Mu Malichi 2022 Threadripper ya Zen 3 inatulukadi, koma monga Threadripper PRO 5000, ya soketi ina, sWRX8, ndipo poyamba inkapezeka m'makompyuta a Lenovo ThinkStation P620 okha. Itayamba kugulitsidwa payokha, ya ma core 24 inali madola 2,399, bodi yake ya WRX80 yogula padera. Threadripper yopanda dzina la PRO inabwereranso mu Novembala 2023, pa soketi inanso, sTR5, imene imafuna RAM ya mtundu wa DDR5. Mwini TRX40 wofuna kupita patsogolo anayenera kusiya zonse zitatu: processor, bodi ndi RAM.

Tiime pamenepa, m'bale wanga, chifukwa pamene panalakwika si pamene ambiri amaloza chala. Ma processor amenewa sanali oipa. Munthu amene usiku uliwonse ankasiya kompyuta ikuchita render mu Blender, kapena amene ankataya maola podikira kuti pulogalamu yaikulu imalize compile, anabweza ndalama zake kudzera m'nthawi imene anapulumutsa. Kufa kwa soketi sikunamupweteke kwenikweni, poti iye anagula chinthu chimene ankachifuna tsiku lomwelo. Amene anapsa ndi uja anawonjezera madola 650 pa processor, ndi mazana ena pa bodi, pa choziziritsira chachikulu ndi pa power supply yamphamvu, ntchito yake isanafike pofuna zonsezi. Iye analipiriratu mawa amene palibe anamulembera papepala.

Zizindikiro zinalipo, ndipo sizinali zobisika. Soketi ya sTRX4 inalowa m'malo mwa TR4, imene inabwera mu Ogasiti 2017 n'kusiyidwa itangotha zaka ziwiri. Pa tsiku limene anthu ankagula bodi za TRX40, anzawo amene anagula bodi za X399, za soketi ya TR4 ija, ndi chiyembekezo chonga chomwecho anali akudandaula kale. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Nanga n'chifukwa chiyani ogula atsopanowo anadziona ngati osiyana ndi anzawowo? Kodi inu mukanafunsa?

Onaninso mmene lonjezolo linakhalira. Ponena za AM4, AMD inatchula chaka: inati soketiyo idzathandizidwa mpaka 2020. Ponena za sTRX4 sinatchule chaka, sinatchulenso kuti mibadwo ya ma processor idzakhala ingati. Mawu akuti "m'tsogolo" aliyense anawamva mmene mtima wake unkafunira. Kampani ikapanda kukuuzani chaka, musachiwonjezere nokha m'mutu mwanu. Kenako mu Julayi 2020, patangotha miyezi isanu ndi itatu, kunatuluka gulu la PRO ndi soketi yakeyake, logulitsidwa kudzera kwa Lenovo kwa makampani ogula makompyuta ambiri nthawi imodzi. Pamenepo munthu woyang'anitsitsa akanaona kumene mtima wa opangawo unkalowera.

Chimene chimandikhudza kwambiri m'nkhaniyi ndi zimene zinachitika mbali inayo. Mu Meyi 2020 AMD inalengeza kuti Zen 3 siidzagwira pa bodi za AM4 zakale monga B450 ndi X470. Ogula anakwiya, ndipo poti anali chinamtindi, kampaniyo inabweza mawu mwezi womwewo usanathe. Pofika 2022 ngakhale bodi zambiri za 2017, monga B350 ndi X370, zinapatsidwa BIOS yolandira Ryzen 5000, ija ya Zen 3. Munthu amene anagula bodi yotsika mtengo anakhala nayo mibadwo ingapo ya ma processor, pamene wa bodi yodula anathera pa umodzi. Eni TRX40 nawonso anadandaula, koma anali ochepa, ndipo kudandaula kwawo sikunasinthe kanthu. Mukamachoka pa gulu lalikulu la ogula kupita ku kagulu kochepa ka ogula zodula, dziwani kuti mawu anunso akuchepa mphamvu. Musaganize kuti ndi khalidwe la kampani imodzi. Amene anagula Intel Core i9-9980XE ya ma core 18 pa madola 1,979 mu 2018 anaona yolowa m'malo mwake, 10980XE, ya ma core 18 omwewo, ikugulitsidwa madola 979 chaka chotsatira, ndipo bodi zake za X299 zinathera pomwepo.

Ndipo ma processor wamba sanaime kudikira. Ryzen 9 5950X ya 2020, pa madola 799, inkaiposa 3960X pa ntchito zodalira liwiro la core imodzi. Pofika Seputembala 2022, Ryzen 9 7950X ya ma core 16, pa madola 699, inkalimbana ndi Threadripper ija ya ma core 24 ngakhale pa ntchito zambiri zogwiritsa ma core onse. Theka la mtengo, patangotha zaka zitatu.

Tsono processor ya workstation, monga Threadripper, imagulitsa chiyani kwenikweni? Ambiri amaiona ngati ya pa desiki imene yangokula thupi, ndipo apa ndi pamene amagwera. Ili ngati lole: imasenza katundu amene galimoto yaing'ono siingayerekeze, koma ngati ulendo wanu ndi wa munthu mmodzi ndi kachikwama, siikufikitsani msanga, ingokuthererani mafuta. Chimene mukulipira ndi malo onyamulira. Ryzen ya AM4 ili ndi njira ziwiri zolumikizana ndi RAM, ndipo imathera pa 128GB. Threadripper ya TRX40 ili ndi njira zinayi, mpaka 256GB. Ya PRO ili nazo zisanu ndi zitatu, ndipo imafika 2TB. Njira za PCIe, zimene graphics card ndi ma SSD othamanga amadutsamo, zilipo 24 pa Ryzen ija, 64 pa Threadripper, 128 pa PRO. Kwa munthu woika ma graphics card atatu, ma SSD anayi ndi khadi ya netiweki yothamanga, manambalawa ndiwo moyo wa ntchito yake. Kwa munthu wa graphics card imodzi ndi SSD imodzi, njira zotsalazo zimangokhala osadutsamo kanthu, koma analipira.

Ndiye ndikufunseni. Mukuti mukufuna ma core 32. Munayamba mwatsegulapo Task Manager kompyuta yanu ili mkati mwa ntchito yolemera kuti muone ma core angati akugwiradi ntchito? Ngati awiri kapena anayi ali pamwamba, ena onse atangogona, kuwonjezera ma core ena makumi awiri sikusintha kalikonse. Photoshop, AutoCAD ndi masewera ambiri amadalira kwambiri liwiro la ma core ochepa. DaVinci Resolve imatsamira kwambiri pa graphics card. Kodi RAM yanu inayamba yadzazapo? Ngati 32GB simunaimalizepo, 256GB mukuifunira chiyani? Kodi pali khadi imene muli nayo m'manja imene yasowa polowa pa bodi yanu? Ndikunena khadi imene muli nayo lero, osati imene mukuganiza kuti mwina mudzagula ntchito ikadzakula. Mukapeza kuti mayankho anu onse akuyamba ndi "ndikadza", ndiye kuti mwaima pamalo omwe aja anaima ogula TRX40.

Kwa ife kuno palinso nkhani ya magetsi, imene otsatsa malonda akunja saitchula. Ryzen 9 3950X inalembedwa mawati 105, pamene Threadripper ya m'badwo womwewo ndi 280, ndipo za 7000, zija za 2023, ndi 350. Apo simunawerengere graphics card. Kumene magetsi amazimazima, kompyuta yotere imafuna UPS kapena inverter yaikulu ndi mabatire okwanira, apo ayi render ya maola asanu ifera panjira. Mwezi wa Okutobala, m'chipinda chopanda mpweya wozizira, kutentha konseko kumatsalira momwemo ndi inu. Bodi ikapsa, ya Ryzen wamba, ya AM4 kapena AM5, mutha kuisaka n'kuipeza mosavutikira kwambiri. Ya TRX40 inasiya kupangidwa. Mudzaitanitsa yogwiritsidwa kale ntchito kuchokera kunja, ndi madola amene mukudziwa mmene amavutira kupeza, ntchito itaima.

Msampha womwewu wabwereranso masiku ano utavala zina. Makompyuta a workstation amene makampani akunja anatopa nawo akugulitsidwa motchipa, ndipo wogulitsa amakuwerengerani ma core ndi ma gigabyte mpaka mtima kudumpha. Chenjerani ndi zinthu ziwiri. Soketi za TR4, sTRX4 ndi sWRX8 n'zofanana kukula, iliyonse ili ndi mapini 4,094, moti munthu wongoyang'ana ndi maso angaganize kuti processor ya imodzi igwira pa inzake. Siigwira. Musagule processor ndi bodi kwa anthu osiyana musanatsimikize dzina la soketi pa zonse ziwiri. Chachiwiri ndi Windows. Microsoft inaika 14 Okutobala 2025 kukhala tsiku losiya kuthandiza Windows 10, ndipo Threadripper 1950X pamodzi ndi ma Xeon E5 v3 ndi v4, amene ali m'makompyuta ambiri akale a workstation, sali pa mndandanda wa ma processor ovomerezeka a Windows 11. Wogulitsa akangotchula kuchuluka kwa ma core osatchula chaka chimene processor inatuluka, funsani chakacho, ndipo akazemba yankho nyamukani.

Sindikunena kuti workstation ndi yoipa, ndipo musandimve choncho. Alipo anthu amene amalakwitsa mbali inayo: ntchito yawo imadzaza 128GB tsiku lililonse, kapena amawerengetsa zinthu masiku angapo mosalekeza, pamene kulakwika kamodzi kwa RAM kungawononge zotsatira zonse, koma amaumirira pa processor wamba pofuna kusunga ndalama. Otere amafunika RAM ya ECC, yotha kuzindikira ndi kukonza zolakwika zing'onozing'ono, komanso njira zambiri zija. Ngakhale pamenepo pali njira yapakati yoyenera kuifufuza kaye: bodi zina za Ryzen zimalandira ECC, ndipo kumbali ya Intel bodi za W680 zimalola ECC pa ma processor ena a Core. Kusiyana kwake n'koti munthu wofunikiradi workstation sachita kulingalira. Amatha kukulozerani pulogalamu yake, ola limene imatsamwa, ndi ndalama imene amataya ikatsamwa.

Musanapereke ndalama, tsegulani ntchito yanu yolemera kwambiri, muyang'ane ma core, RAM ndi graphics card kuti n'chiti chikufika pamapeto. Werengerani mtengo wa zonse pamodzi: processor, bodi, RAM, choziziritsira, power supply ndi UPS. Kenako dzifunseni ngati mungaigulebe kompyutayo atakuuzani lero kuti pa soketi imeneyo sipadzabweranso processor ina. Ngati yankho lanu ndi ayi, musaigule.